Masiku Asanu ndi Awiri a Mpini wa Khasu

"Iyo ayi. Iyo ndi ya munthu wa ndevu."

"Koma amalume, taonani kagalasi kali pamwamba pakepo. Ntchentche itatera ku Unit C mukhoza kuiona muli pompano."

"Nanga mwanayu wakuuza kuti anayambana ndi ntchentche za ku Unit C?"

Amalume Hezekiah anatseka buku la zithunzi za mfuti lomwe ndinachokera nalo ku Leeds, nkuliika pampando, nkulikhalira. Chinali chaka cha 1986, tili pakhonde la nyumba yawo m'dera lathu la Unit D. Ine ndinali nditatha masabata atatu okha chibwerereni ku Mangalande, ntchito ndisanaipeze, miyendo ikungoyabwa. Ndiye ndinali nditadzipezera chochita: kumugulira Easter mfuti ya mpweya.

Easter ndi mdzukulu wawo, mwana wa msuweni wanga Esnath. Nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi, ndi legeni ya chubu cha njinga yomwe sinkachoka m'khosi. Kamtsikanako kankalasa! Ukandandalika zitsekerero za mabotolo pampanda, kankazichotsa chimodzichimodzi osaphonya. Koma kanali kataswanso galasi la pawindo la a Mailosi, loja wochita lendi chipinda chakuseri. Ine ndinati luso lotere ku Leeds amapita nalo ku kalabu, mwana nkupatsidwa kamfuti kake ndi mphunzitsi.

"Kuno si ku Lidzi," anatero Esnath akutuluka ndi beseni la tomato wokagulitsa kumsika. "Gordon, kodi kunjako unakatenga maphunziro kapena unakasiyako nzeru? Nkhondo yatha dzulodzuloli. Tayala likaphulika pamsewu anthu akugonabe pansi. Iwe ufuna undilowetsere mfuti m'nyumba?"

"Si mfuti yeniyeni, msuweni. Ndi ya mpweya chabe."

Amalume anapinda mwendo wa buluku mpaka pabondo, nkuitana Easter.

"Gwira apa."

Pakatumba pawo, pansi pa khungu, panali kanthu kolimba, kakang'ono ngati njere ya mphodza.

"Chii ichi, sekuru?" Easter anafunsa agogo akewo kuti n'chiyani chimenechi. Ana a kuno ndi mmene alili, ukawalankhula Chichewa amamva bwinobwino, koma yankho limabwera m'Chishona.

"Kachipolopolo ka mfuti imene amalume akowa akuti si yeniyeni. Kali m'menemo chiyambire 1963."

Amalume Hezekiah anachoka kwawo ku Dedza mu 1954 pa malole aulere aja onyamula anthu ofuna ntchito kuno. Anayamba kuthyola fodya pa famu, kenako nkupeza malo pa sitolo ina ya mfuti ndi mbedza m'tauni. Anagwirapo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ntchito yawo inali kuseri: kupukuta mfuti, kuzithira mafuta, kusintha masipuling'i, kumanga katundu wa ogula ndi pepala ndi chingwe. Anapuma mu 1984, koma kabotolo ka mafuta sanasiye. Amayenda nako m'thumba la jekete ngakhale kutchalitchi. Mumzere wonse wa nyumba zathu mulibe geti lolira. Akamva chitseko chikulira kwa eni ake amagogoda, nkupereka moni, nkuthira mafuta, nkumapita.

Za kachipolopoloko anatifotokozera tsiku lomwelo. Mzungu wina anabwera ndi mwana wake kudzamugulira mfuti yoyamba. Mnyamatayo ataikhoza kuitchera anasangalala, nkutembenuka kuti aonetse bambo ake, mfuti nkutembenuka naye. Amalume anali akudutsa ndi tsache.

"Anandipatsa bandeji ndi theka la tsiku. Mnyamata uja ankangolira kuti sindinamuone, sindinamuone. Sanali mwana woipa. Kungoti thupi likatembenuka, manja ankatsatira."

"Mwamva?" anatero Esnath, akundiyang'ana ine. "Nkhani yatha."

"Siinathe," anatero amalume. Tonse tinadabwa. "Mwana wolasa chonchi tsiku lina adzagwira mfuti ya munthu wina, kuseri kwa nyumba ya eni, popanda womuuza kanthu. Bola aiphunzire pamaso panga."

Esnath anatula beseni. Bambo akewo sakanawakanira poyera, ndiye anaika malamulo oti zinthu zikanike zokha. Mwanayo aonetse kaye kuti sangaloze munthu. Akangoloza munthu kamodzi, kaya kunyumba kaya kusitolo komweko, za mfuti zithe, ndipo legeni nayo ipite pamoto.

"Ndavomera," anatero amalume. "Ndipatse mpini wa khasu."

Anagulula khasu, nkutenga polishi wofiira wa pakhonde, nkupaka kunsonga kwa mpiniwo. Uko ndiye kukamwa kwa mfuti. Easter akaweruka kusukulu aziyenda nawo mpaka dzuwa kulowa, masiku asanu ndi awiri otsatizana. Kofiirako kuziyang'ana pansi. Kukangoyang'ana munthu, ngakhale chala chakuphazi, kuwerenga kuyambirenso pa tsiku loyamba.

Ku Leeds zimenezi zikanakhala zophweka, nyumba zake anthu atatu ndi galu. Kwa amalume zipinda zinayi zinkagona anthu khumi ndi mmodzi. Kulikonse ungaloze kuli munthu. Ukaloza khoma, kuseri kwake kuli wina akusita.

Tsiku loyamba silinafike ndi pa tiyi wa madzulo. Esnath anangoitana kuti "Easter!" ali kumbuyo kwake, mwana nkutembenuka, mpini nkuloza pamimba pa amake.

"Mwandiitanira dala, amai!" anadandaula Easter m'Chishona chakecho.

"Eya. Nanga ndikuitane mwangozi?"

Ulendo wachiwiri anafika tsiku lachitatu. Apo nkuti a Mailosi atalowa m'masewerawo, galasi lawo lija likuwawawabe mumtima. Bambo wamkulu ndithu, kondakitala wa basi, ankabisala kuseri kwa chimbudzi nkumadikira. Easter akukhota pakona, iwo anangoti tulukiru, nkugwira pachifuwa, nkudzigwetsa m'bedi la lepu.

"Ndafa ine! Kauzeni a bungwe la maliro ayambe kuphika tiyi! Mtembo wanga upite ku Ntcheu!"

Mzere wonse unatuluka kudzaona. Easter anapondaponda pansi.

"Handina kuvaona, sekuru!"

"Wati sunawaone?" anatero amalume. "Ndi mawu omwewo a mnyamata wa 1963. Pakona umayamba ndi maso, mpini umabwera pambuyo. Tsiku loyamba mawa."

Kuyambira pamenepo nkhani inasanduka ya Unit D yense. Ana ankamutsatira popita kumpopi akuimba manambala a masiku. Amayi a kumsika ankafunsa Esnath kuti lero ndi lachingati. A Mailosi anafa kawiri kena, koma maulendo onsewo amalume anagamula kuti mpini unali pansi, womwalirayo wadzifera yekha.

Ulendo wachitatu anafika tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndipo amene anauwononga ndine. Easter anapita kukasamba nkutsamiritsa mpini pakhonde. Kunabwera mkulu wa mpingo kudzacheza, nkundifunsa za chipale chofewa cha ku Mangalande. Ine pofotokoza kuti chimafika apa, ndinatola mpini uja nkuwaloza nawo pabondo, kenako m'chiuno, kenako pakhosi. Nditacheuka ndinapeza amalume ataima pakhomo.

"Tsiku loyamba mawa."

"Amalume, walakwa ndine! Mwanayu ali kubafa!"

"Ndiye kulakwa kwakeko. Wasiya mfuti poti chitsiru chingaitole."

Esnath anaseka mpaka kukhala pansi. Easter sanandilankhule masiku awiri. Kuchokera tsiku limenelo akafuna kusamba ankatsekera mpini m'thiranki lachitsulo lomwe amalume anachokera nalo ku Nyasalande, nkuuza mng'ono wake alikhalire, poti loko wake anatayika kalekale.

Ulendo wachinayi anamaliza. Anali atayamba kuyenda mwa mtundu wina: ukamuitana, mutu wokha ndi umene unkatembenuka, manja ali zii, kofiira kuli pansi. Pabwalo ponse panali timizere ta polishi ngati padutsa nkhuku yovulala. Madzulo a tsiku lachisanu ndi chiwiri a Mailosi anabwera okha kudzamugwira chanza.

"Kwatsala kusitolo," anatero Esnath. "Ndipita nawo. Ndikufuna ndidzionere ndekha."

Loweruka amalume anavala suti ya ukwati ndi chipewa. Tinakwera takisi ya imajensi, ma Pijo aja amene anthu anayi amakhala ku buti mawondo atagundana ndi zibwano. Njira yonse mpaka m'tauni amalume ankauza aliyense m'galimotomo kuti akupita kukagula mfuti. Mayi wina anapempha kutsika pa Zengeza pomwe, tisanapite patali.

Titafika pa sitolo ija, amalume anadutsa khomo lakumaso osacheuka, nkukhotera m'kanjira ka zinyalala.

"Bambo, mukupita kuti?" anafunsa Esnath.

Anaima. Anayang'ana kanjirako, nkuyang'ana ife. Zaka zonse zija miyendo yawo inkadziwa khomo limodzi lokha, lakuseri.

"Ndimati ndione ngati mgolo wa zinyalala ukadali pomwe paja," anatero.

Easter anawagwira dzanja nkuwakokera kumaso. Chitseko chinalira potseguka. Amalume anatulutsa kabotolo kaja nkuthira mafuta m'mahinjesi asanaperekenso moni.

"Bambo Hezekiah! Ndinadziwa kuti ndinu ndisanadzutse mutu!"

Anali mayi Mariam, amene kale ankalemba malisiti pamene amalume ankagwira ntchito kuseri. Tsopano ndiwo ankayendetsa sitoloyo. Anatuluka kuseri kwa kauntala akuwomba m'manja, mpango uli pamutu, nkuyamba kufunsa za aliyense wa ku Unit D mmodzimmodzi. Za mfuti anatichenjeza kuti katundu wakunja akuvuta kubwera. Za mpweya zinalipo zitatu zokha.

Anaziyala pakauntala. Yoyamba inali yaitali, yonyezimira, ndi kagalasi pamwamba, mlongo wake weniweni wa ya m'buku langa lija.

"Amalume, ndalama si vuto. Tengani iyi. Akula nayo."

"Nsapato ndiye timagula zoti akule nazo. Mfuti ayi."

Anayamba aithyola pakati, nkusuzumira mumpope kuti aone ngati mulibe kanthu. Anatero ndi zonse zitatu, ngakhale mayi Mariam anali atanena kale kuti nzopanda kanthu. Kenako anamuyeza Easter mmene ankaonera zikuchitikira ana a azungu zaka zonse zija. Thako la mfuti analiika m'kati mwa chigongono cha mwanayo, mkono nkuugoneka motsatira mtengo wake. Chala chiyenera kufika pa chokhethemulira osadzikoka. Pa yanga ija chala chinatsalira kutali, ngati kamwana kofikira shuga pashelefu.

"Yabwerera."

Yachiwiri chala chinafika ndi nsonga yokha. Amalume anapukusa mutu koma anamulola ayese lamulo lachiwiri: mwana aithyole yekha. Mfuti zimenezi umazithyola pakati kuti sipuling'i ikanikizike, ndipo amalume amati mwana amene sangathe kutero yekha amayamba kuipanira m'miyendo, kuitsamira ndi mimba, kuitembenuzira uku ndi uku, ngozi nkuyambira pomwepo. Easter anakoka. Anakokanso, mano ali gwa, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Mpope unangosuntha pang'ono nkubwerera. Kukamwa kwake kunali kuli pansi nthawi yonseyo, koma mfuti inakana.

"Yabwerera."

Esnath anali ataima pafupi ndi khomo manja atapinda, nkhope ikuyamba kuwala ngati munthu amene basi yake yatulukira.

Yachitatu inali yakale, yaifupi, mtengo wake utayera m'mbali chifukwa chogwiridwa. Mayi Mariam anati anaisiya ndi katundu wina anthu ena amene anasamukira ku Joni. Ine, nditanyamula ya kagalasi ija, ndinati imeneyo ngakhale khoswe angaiseke. Amalume sanandimve. Anali ataitembenuza, akusisita ndi chala kachilembo kozokotedwa ndi mpeni pansi pa mtengo.

"Iyi ndinaimanga ndine m'pepala," anatero. "Khirisimasi ya 1968. Sipuling'i ndaisintha kawiri. Kamnyamata kake kanali ndi makutu ngati mbale."

Thako m'chigongono: chala chinafika nkupindika bwinobwino. Easter anayang'ana agogo ake. Iwo anagwedeza mutu. Anaika dzanja kunsonga kwa mpope, nkukoka.

Khatya!

Inathyoka, nkugwira. Mwana anakuwa ndi chimwemwe.

Nthawi yomweyo Esnath, ali kumbuyo kwake kukhomo kuja, anaitana ndi mawu okoma ngati uchi.

"Easter, mwananga! Tandionetsa!"

Amalume ndinawaona dzanja likupita lokha pa mwendo uja. Mapewa a mwanayo anayamba kutembenuka, chifukwa ndani safuna kuonetsa amake? Koma anangoti njenjemere, nkuima. Mutu wokha ndi umene unazungulira, mpaka chibwano kufika paphewa, maso ali mwee, mano onse pamtunda. Manja anatsala pomwe anali. Kukamwa kwa mfuti kunkayang'ana simenti.

"Huyai kuno muone, amai," anatero. Ndiye kuti amakewo ndiwo abwere adzaone.

Mayi Mariam analuluta mpaka munthu wogula mbedza anagwetsa chipewa. Amalume anavina. Sindinawaonepo akuvina chibadwire, koma anavina, suti ya ukwati ili m'thupi, kuzungulira kauntala, kabotolo ka mafuta kakugunda m'thumba. Ine ndinakweza manja m'mwamba ndikukuwa, osadziwa kuti ndikadagwirabe ya kagalasi ija.

"Amalume Gordon!" anakuwa Easter, ulendo uno m'Chichewa choyera. "Mwaloza amayi Mariam! Tsiku loyamba mawa!"

Anandilanda mfutiyo anthu atatu nthawi imodzi.

Kuseri kwa sitolo kunali bokosi la mchenga loyeserapo mfuti, ndi kachitini kopachikidwa pa waya. Mayi Mariam anatsegula kabokosi ka tizipolopolo nkupereka kamodzi. Easter anayang'ana kachitiniko, nkuyang'ana agogo ake, nkuwapatsa mfuti, kukamwa kuli pansi.

"Tangai imi, sekuru." Ankafuna ayambe ndi iwo.

Amalume anapukuta manja pa buluku. Anawapukutanso.

"Ine sindinawombepo," anatero.

"Mfuti iyi?"

"Iliyonse. Nthawi imene ija munthu wakuda ukakhethemula mfuti muno, ngakhale pa mchenga, ntchito yatha tsiku lomwelo. Ine ndinkakonza, bwana nkuyesa. Ndinkamvera kulira kwake ndili uko, nkudziwa ngati sipuling'i yakhala bwino."

Ndi Esnath amene anayamba kulankhula.

"Ndiye mukudikira chiyani, bambo? Bwana wake ndi uti pano?"

Amalume anavula chipewa nkundipatsa. Anatiuza tonse tiime kumbuyo kwa mzere wa choko, nkuonetsetsa kuti taimadi. Anaika kachipolopolo, nkutseka, nkuika tsaya pa mtengo monga anaonera anthu ena akuchitira kambirimbiri. Phaa! Mchenga unadumpha patali ndithu ndi kachitini.

"Mphepo," anatero amalume.

"Muno mulibe ndi windo lomwe, bambo."

"Mariam, ndipatse kena."

Anawombanso, nkuphonyanso, akuseka ngati mwana wa sukulu. Anapempha kachitatu. Easter anayamba kudumphadumpha kuseri kwa mzere akudandaula kuti mfutiyo akugulira iye. Ulendo wachisanu kachitini kanalira kuti ngwee, nkuzungulira pa waya. Amalume anaithyola mfuti, nkusuzumira mumpope, nkuipereka kwa mdzukulu wawo ndi manja awiri.

Easter anaphonya kamodzi. Kachiwiri kachitini kanalira.

Ndinalipira ine, monga ndinalonjezera. Koma mfutiyo sitinachoke nayo. Amalume anati pa kulira kwake amva kuti kachikopa ka m'kati kauma, abwera Lolemba adzakasinthe okha pa tebulo lawo lakale, ndipo adzalowera kumaso. Esnath naye anati sakwera takisi ndi mfuti, anthu angatulukire pa windo.

"Komanso ikagona kuti?" anatero. "M'thiranki lija lopanda loko, m'nyumba mmene muli Gordon?"

Sananene kuti wavomera. Ananyamuka nkutsogola, ife nkumatsatira. Pafupi ndi pokwerera matakisi panali bambo woyala katundu pa saka: malezala, mabatire, singano, maloko. Esnath anagwada nkuyamba kuwayesa mmodzimmodzi, akukoka ndi mphamvu zonse za munthu wonyamula mabeseni a tomato. Anasankha kaloko kamkuwa, kakang'ono ngati bokosi la machesi, ka makiyi awiri. Anamasula mfundo ya pa chitenje nkulipira yekha. Kiyi mmodzi anapatsa bambo ake. Wina anamumanga pa chingwe cha m'khosi mwake.

"Ine?" anafunsa Easter.

"Iwe nyamula loko."

Amalume anakadontheza mafuta tisanakwere. Ku buti kwa Pijo, mawondo ali m'zibwano, Easter anakafumbata kalokoko ndi manja awiri, nkumabwereka kiyi wa agogo ake, kutsegula, kutseka, kutsegula, kutseka, mpaka tinatsika pa Unit D.